KUCHOKERA PA CHIGAFA KUFIKA KU DOKO

Alimi anzathu a m'boma la Ntcheu, inu olembetsa ndi inu amene mumalima m'maesiteti, nonse mumawaona malole akuluakulu amene amadutsa usana ndi usiku pa msewu wa M1. Mukakhala pa msika wa Lizulu, pa Mlangeni, pa Biriwiri kapena pa Kampepuza, simungathe ola limodzi osaona lole yonyamula kontena ikutsetserekera ku Blantyre kapena ikukwera ku Lilongwe. Ena mwa malolewa amakhala atanyamula fodya, mtedza, soya ndi nandolo zimene munalima inu nomwe. Ena amakhala atanyamula feteleza amene mudzathire m'munda mvula ikagwa.

Kawirikawiri mlimi akagulitsa mbewu zake amayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma dziwani kuti wogula asanatchule mtengo amayamba wachotsera ndalama zonse zimene adzaononge kuti katunduyo akafike kutsidya kwa nyanja. Ulendo ukadula, mtengo wa mbewu zanu umatsika. Pa feteleza zimatembenuka: ulendo ukadula, mtengo wa thumba umakwera. Motero mlimi amalipira ulendo kawiri, popita ndi pobwera, chonsecho sitima ya pamadzi sanaikwerepo.

M'nkhani ino tikufotokozerani njira zimene katundu wanu amayendamo, anthu amene amamuyendetsa, kumene anthuwo amaphunzira ntchito, ndi zimene ofufuza apeza pa nkhani ya mtengatenga. Mukatha kuwerenga mudzaona kuti wantchito woyamba pa ulendo wonsewu ndinu, ndipo kuti inunso muli nazo zoyenera kuphunzira.

NJIRA ZINAYI ZOPITA KU NYANJA

Dziko lathu la Malawi lilibe gombe pa nyanja ya mchere. Katundu aliyense wopita ku Ulaya, ku India, ku China kapena ku America ayenera kudutsa m'dziko la eni ake kuti akapeze doko. Madoko amene timadalira alipo anayi. Awiri ali ku Mozambique, ndiwo Beira ndi Nacala. Lina ndi Dar es Salaam ku Tanzania, ndipo lina ndi Durban ku South Africa. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Nacala pa njanji ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 800. Kufika ku Durban pa msewu wodzera ku Tete ndi ku Harare ndi makilomita opitirira 2,000.

Njira yakale ndi ya ku Beira. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 unatha mlatho waukulu wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi, ndipo kuyambira pamenepo sitima inayamba kuyenda kuchokera ku Beira mpaka kuno popanda kuolotsa katundu pa madzi. Chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Njanji ya ku Salimayi ndi imene imadutsa m'boma lanu lino, m'chigwa cha Bwanje, pa Bilira ndi pa Sharpevale. Mu 1970 inatsekulidwa njanji yochokera pa Nkaya kupita ku Nayuchi, imene inatilumikiza ndi doko la Nacala. Mu 1979 sitima inafika ku Lilongwe, ndipo mu 1980 inafika ku Mchinji.

Choncho boma la Ntcheu lili pakati peni peni pa njira za malonda. Kumtunda kuli msewu wa M1, umene pa malo ena umayenda m'malire eni eni a dziko lino ndi Mozambique. Kuchigwa kuli njanji pamodzi ndi msewu wa M5 wochokera ku Balaka kupita ku Salima. Pa Biriwiri pali chipata cholowera ku Mozambique. Maboma amene ali ndi mwayi wotere ndi owerengeka.

PHUNZIRO LA M'ZAKA ZA NKHONDO

Akuluakulu a kuno ku Ntcheu akukumbukira bwino zaka zimene abale athu a ku Angonia ndi ku Tsangano ya ku Mozambique anathawira kuno chifukwa cha nkhondo. Nkhondo imeneyo inakhudzanso mlimi aliyense m'thumba mwake. Isanafike povuta, pafupifupi katundu yense wa dziko lino wolowa ndi wotuluka ankadzera ku Beira ndi ku Nacala pa njanji. Mu 1983 sitima zinaleka kuyenda pa njanji ya ku Beira, ndipo mu 1984 ya ku Nacala inatsekekanso. Mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphwasulidwa.

Fodya, tiyi ndi shuga zinayamba kuyenda pa malole kupita ku Durban. Malole ena ankadutsa ku Tete mondondozana, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza. Ena ankazungulira ku Lusaka, ulendo wa makilomita opitirira 3,000. Ndalama zolipirira ulendo ndi inshuwalansi zinakwera mpaka kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa katundu wolowa m'dziko. Feteleza anadula, ndipo nthawi zina ankafika chimanga chitakula kale.

Pa nthawi imeneyo panaoneka vuto linanso. Dziko linali litazolowera njanji, tsono mwadzidzidzi panafunika madalaivala ambiri odziwa maulendo a kunja, amakaniko a malole akuluakulu, ndi makalaliki odziwa malamulo a kasitomu a maiko atatu kapena anayi. Anthu otere sapezeka tsiku limodzi. Boma linatsekulanso njira ya kumpoto yodzera ku Karonga ndi pa Songwe, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 malo osungirapo katundu wa Malawi, otchedwa Malawi Cargo Centres, anayamba ntchito ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya.

Mtendere unabwerera ku Mozambique mu 1992, koma phunziro lake lidakalipo. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anaononga mzinda wa Beira, ndipo katundu wathu anaima. Dziko lopanda doko liyenera kukhala ndi njira zingapo, ndi anthu ophunzira odziwa kusankha njira yoyenera pa nthawi yake.

MANJA AMENE BELO LANU LIMADUTSAMO

Tiyeni tilondole belo limodzi la fodya lochokera ku Kandeu kapena ku Nsipe. Mwasankha fodya wanu m'magiredi ake, mwadinda belo, mwasoka chiguduli, ndipo mwamangirira tikiti yokhala ndi nambala yanu yolembetsera ku Tobacco Commission. Belolo likwera ngolo kapena galimoto yaing'ono kufika pa malo osonkhanitsira. Kuchoka apo likwera lole kupita ku msika wa fodya ku Limbe kapena ku Kanengo. Likagulidwa lipita ku fakitale, kumene makina amachotsa mitsitsi ya pakati pa tsamba, kuumitsanso fodyayo pa mlingo woyenera, ndi kumulongedza m'makatoni olemera makilogalamu pafupifupi 200. Makatoniwo amawafukiza mankhwala ophera tizilombo, kenaka amawalowetsa m'kontena ndi kuitseka ndi chidindo. Kontenayo satsekulanso wamba mpaka ikafike kwa wogula, mwina ku doko la Antwerp ku Belgium, kumene fodya wambiri wa dziko lino amatsikira.

Pa ulendo umenewu pali anthu a ntchito zosiyanasiyana.

Woyamba ndi dalaivala. Kuyendetsa lole ya katundu wa malonda kumafuna laisensi ya magalimoto akuluakulu ndi chiphaso china chapadera, zimene zimaperekedwa ndi nthambi ya Boma yoona za pamsewu. Dalaivala wodziwa ntchito amadziwa kumanga katundu kuti asagwe, kumufunditsa kuti asanyowe, ndi kumuyala bwino kuti kulemera kusapanikize matayala a mbali imodzi. Lamulo la m'maiko a chigawo chino limaletsa lole yaikulu kulemera kupitirira matani 56 pamodzi ndi katundu wake. N'chifukwa chake pali masikelo a magalimoto monga ya ku Balaka. Lole yopyola muyeso imaononga msewu, imalipitsidwa chindapusa, ndipo imagona pa sikelo katundu wanu ali pamsana.

Wachiwiri ndi woombola katundu pa kasitomu. Ameneyu ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority. Ntchito yake ndi kulemba zikalata zonse zimene zimayenda ndi katundu. Pa malonda a pakati pa maiko, katundu wa mtundu uliwonse ali ndi nambala yake imene maiko anagwirizana: fodya wosapanga ndudu ndi 2401, mtedza wauwisi ndi 1202. Masiku ano zonsezi amalemba pa kompyuta, m'dongosolo lotchedwa ASYCUDA. Akalakwitsa nambala imodzi yokha, kontena imaima pa chipata masiku angapo. Ndipo eni sitima za pamadzi amalipiritsa pa tsiku lililonse limene kontena yawo yachedwa kubwezedwa.

Wachitatu ndi woyesa katundu. Mbewu zopita kunja zimafuna chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda kapena tizilombo, chimene amapereka akatswiri a nthambi ya kafukufuku mu Unduna wa Zamalimidwe. Palinso bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, loyesa ngati katundu wafika pa muyeso wofunika.

Kuonjezera pamenepa pali oyendetsa sitima ya pamtunda, okonza njanji, osunga katundu m'nyumba zikuluzikulu, ndi okambirana mapangano a malonda m'malo mwa dziko. Mmodzi mwa anthu onsewa akapanda kudziwa ntchito yake, ulendo umachedwa, ndipo kuchedwako kumabwerera kwa mlimi.

KUMENE NTCHITOZI AMAPHUNZIRA

Kale ambiri ankaphunzira ntchito zimenezi pongoonera anzawo. Mnyamata ankayamba ngati wothandiza dalaivala, n'kumaphunzira pang'onopang'ono. Amisiri ambiri a njanji anaphunzirira ntchito ku Limbe, kumene kunali likulu la Malawi Railways ndi malo okonzerako sitima. Masiku ano kuonera kokha sikukwanira, pakuti malamulo achuluka ndipo zambiri zikuyendera kompyuta.

Maphunziro a ntchito za manja, monga umakaniko wa magalimoto, kuotcherera zitsulo ndi zamagetsi, amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999. Amaphunzitsa m'makoleji a ntchito za manja monga a Lilongwe, Namitete, Salima, Soche ndi Nasawa. Wophunzira amakhala nthawi ina m'kalasi, nthawi ina ku kampani kumene amagwira ntchito yeniyeni.

Maphunziro apamwamba a uinjiniya ndi a zamalonda ali ku sukulu imene kale inkatchedwa Polytechnic ku Blantyre. Inayamba mu 1965, ndipo mu 2021 inasanduka yunivesite payokha yotchedwa MUBAS. Ku Bunda, kumene tsopano ndi yunivesite ya LUANAR, amaphunzitsa za chuma cha ulimi ndi kagulitsidwe ka mbewu. Ku Monkey Bay kuli Marine Training College, kumene amaphunzira oyendetsa ndi okonza sitima za pa nyanja yathu. Bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000, lili ndi sukulu yake yophunzitsa za misonkho ndi za kasitomu. Palinso bungwe la akatswiri a mtengatenga lotchedwa Chartered Institute of Logistics and Transport, limene lili ndi nthambi m'dziko muno ndipo limapereka mayeso odziwika m'maiko ambiri.

Nanga okambirana mapangano a malonda? Ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kuli sukulu ya ESAMI. Mu 2006 kumeneko anatsekula malo ophunzitsira anthu a m'maiko a mu Africa malamulo a malonda a pakati pa maiko. Maphunziro otere ndi ofunika, chifukwa Malawi ali m'mabungwe a COMESA ndi SADC, ndipo mu 2021 anavomereza pangano la msika umodzi wa maiko a mu Africa. Pangano limapindulira dziko limene lili ndi anthu otha kuliwerenga ndi kuligwiritsa ntchito.

ZIMENE OFUFUZA APEZA

Monga momwe akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe amafufuzira za mbewu, aliponso ofufuza za misewu, mitengo ya maulendo ndi misika ya kunja. Pa zimene apeza, zinayi zikukhudza inu.

Choyamba ndi cha mtengo wa ulendo. Ambiri timaganiza kuti gawo lodula kwambiri ndi la kutali, lopita ku doko. Koma mu 2009 ofufuza a World Bank anafunsa eni malole m'dziko muno, ndipo anapeza kuti kunyamula tani imodzi pa kilomita imodzi kumadula kowirikiza kambirimbiri pa misewu ya kumudzi kuyerekeza ndi pa misewu yopita kunja. Kuipa kwa msewu ndi chifukwa chimodzi. Zifukwa zina ndi izi: katundu wa kumudzi amakhala wochepa, lole imapita kapena kubwera yopanda kanthu, ndipo eni malole olola kupita kumeneko ndi ochepa, choncho amatchula mtengo umene afuna. Mlimi wa kachewere ku Tsangano, kapena wa fodya ku Njolomole, izi akuzidziwa bwino.

Tiyeni tiyerekeze. Lole ya matani 7 ingathe kunyamula mabelo 70 olemera makilogalamu 100 lililonse. Tinene kuti mwini wake wafuna K700,000 pa ulendo wopita ku msika. Ikadzaza, belo lililonse lilipira K10,000. Koma ikanyamuka ndi mabelo 20 okha, mafuta ndi malipiro a dalaivala sizisintha, ndipo belo lililonse lilipira K35,000. Msewu ndi womwewo, lole ndi yomweyo, koma mlimi wataya K25,000 pa belo chifukwa chosagwirizana ndi anzake. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri ndi cha nthawi. Lole imene yaima pa chipata imadyabe ndalama, chifukwa dalaivala akulipidwa ndipo ngongole ya loleyo ikuwerengedwa. Kale lole inkaima kawiri pa malire amodzi, potuluka m'dziko lino ndi polowa m'dziko linalo. Atawerengera nthawi yotayikayo, maiko anayamba kumanga zipata zoti antchito a mbali zonse ziwiri aziona katundu pa malo amodzi. Chipata chotere cha Mchinji ndi Mwami chinatsekulidwa mu Disembala 2022. Ofufuza amanenanso kuti katundu wolemera wopita kutali amatsika mtengo pa njanji. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta a galimoto kuchokera ku Nacala inafikanso ku Lilongwe patapita zaka zoposa 20, ndipo inadutsa pa njanji ya m'chigwa cha Bwanje.

Chachitatu ndi cha ubwino wa katundu. Kale mtedza wa Chalimbana unali wotchuka ku Ulaya. Msika umenewo unatayika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi poizoni wa chuku. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu kukhala ndi poizoniyu kupitirira magawo 4 pa magawo 1,000,000,000. Umenewu ndi mlingo wosaoneka ndi maso. Bungwe la ICRISAT, limene lakhala likufufuza za mtedza ku Chitedze kuyambira mu 1982, pamodzi ndi akatswiri a Boma, aonetsa kuti chuku chimayambira kumunda ndi pakhomo: kuchedwa kukumba, kuyanika pa dothi, kuwaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, ndi kuika m'matumba mtedza wosauma. Palibe dalaivala kapena kalaliki amene angakonze mtedza umene unaonongekera pakhomo.

Chachinayi ndi cha misika. Nandolo wambiri wa dziko lino amapita ku India. Mu 2017 dziko la India linachepetsa nandolo wololedwa kulowa kumeneko, ndipo mtengo kuno unagwa kwambiri. Alimi a ku Manjawira ndi ku Balaka amene anakulitsa minda chaka chimenecho analira. Mu 2021 maiko awiriwa anasainirana pangano lolola Malawi kutumiza matani 50,000 pa chaka kwa zaka 5. Apa mukuona kuti lamulo lopangidwa kutali likhoza kusintha mtengo wa pa msika wa kwanu, ndipo n'chifukwa chake dziko limafuna anthu otsata nkhani zimenezi ndi kuchenjeza alimi nthawi isanathe.

WOGULA AMAFUNA KUDZIWA KUMENE KATUNDU WACHOKERA

Masiku ano ogula a kunja safunsa za giredi yokha. Amafunsanso kuti fodyayo walimidwa ndi yani, pa munda uti, ndipo ndi mankhwala ati. Mu Novembala 2019 akuluakulu a kasitomu ku America analamula kuti fodya wochokera ku Malawi aziimitsidwa pa madoko awo, ponena kuti pa ulimi wake pakugwiritsidwa ntchito ana ndi anthu okakamizidwa. Makampani ena anawalolanso mu 2020 ataonetsa umboni wa momwe amalondolera alimi awo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa ulimi wa utenanti, kuti olima pa esiteti azilembedwa ndi kulipidwa monga antchito.

Tsono taonani kufunika kwa nambala yanu yolembetsera. Nambala imeneyo ndi imene imalumikiza katoni imene ili ku Antwerp ndi munda wanu ku Kasinje. Mlimi wogulitsa fodya wa mnzake pa nambala yake, kapena wobisa fodya woipa pakati pa belo, amaononga mbiri ya alimi onse. Chimodzimodzinso wosiya zidutswa za pulasitiki, nthenga za nkhuku kapena ulusi wa matumba a feteleza m'fodya. Belo lotere amalibweza pa msika, ndipo mwini wake amalipira ulendo wobwerera, kusankhanso, ndi ulendo wachiwiri.

Inu okhala m'malire kumbukirani kuti kuolotsa fodya kapena mbewu zina m'njira zachidule ndi mlandu. Wogwidwa amalandidwa katundu yense. Ngati mufuna kugulitsa kunja, pitani pa chipata cha Biriwiri kapena cha Dedza mukafunse zikalata zofunika. Safunsa anadya phula.

ZOYENERA KUCHITA INU

1. Gwirizanani m'kalabu kapena m'kopaletivi yanu kuti mudinde mabelo pa nthawi imodzi ndi kudzaza lole. Ngati kungatheke, panganani kuti lole yomweyo pobwera inyamule feteleza, ziguduli kapena mbewu.

2. Musanakweze katundu, onani ngati mwini loleyo ndi wololedwa kunyamula fodya, ndipo funsani ngati katundu wanu ali pa inshuwalansi. Gwirizanani mtengo wa pa belo polemba, pamaso pa akuluakulu a kalabu.

3. Yang'anani m'lole. Musalole fodya kapena mtedza kukwera m'lole imene muli mafuta otayika, feteleza kapena mankhwala. Fungo likalowa m'fodya silichoka. Onaninso kuti pali tenti yosang'ambika.

4. Yesani belo kapena thumba lililonse pa sikelo lisanachoke, ndipo lembani kulemera kwake m'buku. Dalaivala asaine chikalata chosonyeza chiwerengero cha katundu amene walandira, ndipo inu musunge chimodzi.

5. Musanyamuke tsiku lanu loperekera fodya lisanakwane. Lole yogona panja pa msika masiku ambiri imaonjezera mtengo, ndipo fodya amasintha maonekedwe.

6. Umitsani mbewu mokwanira. Musawaze madzi pa fodya kapena pa mtedza pofuna kuonjezera kulemera. Chinyontho chimene chalowa pakhomo chimakaolera m'kontena.

7. Kalabu iliyonse isankhe munthu mmodzi kapena awiri odziwa kulemba ndi kuwerengera, kuti aphunzire kusunga mabuku, kuwerenga malisiti a ku msika ndi kumvetsa ndalama zimene zadulidwa. Pemphani mlangizi wa m'dera lanu kuti akonze maphunziro amenewa nyengo yogulitsa isanayambe.

8. Thandizanani ndi mafumu anu kukonza misewu ya kumudzi ndi timilatho mvula ikangotha. Mwini lole akaona msewu wabwino amatsitsa mtengo, ndipo ofuna kubwera amachuluka.

MWAYI KWA ANA ANU

Ntchito zonse zimene tatchulazi zimafuna anthu, ndipo palibe chifukwa choti ana a ku Ntcheu asazigwire. Mwana wa kuno amakula akuona malonda a pa Lizulu ndi pa Tsangano. Ambiri ali ndi abale kutsidya kwa malire, ndipo ena amamva Chipwitikizi. Pa njira ya ku Beira ndi ku Nacala, munthu wodziwa Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi ndi wosowa ndiponso wofunika kwambiri.

Koma khomo lolowera ku ntchito zimenezi ndi sukulu. Makoleji amafuna satifiketi ya Fomu 4, ndipo amayang'anitsitsa masamu ndi Chingerezi. Mwana amene mwamujombetsa kuti asoke fodya mwamutsekera khomo limeneli, ndiponso mwaika pangozi msika wa fodya wanu womwe. Atsikana nawonso musawasiye m'mbuyo. Alipo amayi amene akuombola katundu pa zipata, ena ndi amakaniko, ndipo ena akuyendetsa malole akuluakulu. Mukalandira ndalama za mbewu, yambani mwapatula fizi. Muzimvetseranso pa wailesi, chifukwa TEVETA ndi makoleji amalengeza nthawi yolembera ophunzira atsopano.

Akulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mbewu imene ili m'chigafa kapena m'nkhokwe sinakhale ndalama mpaka itafika bwino kwa wogula. Madalaivala, amakaniko, makalaliki ndi ofufuza ali ndi mbali yawo, ndipo akuiphunzira. Mbali yoyambirira, kuchokera pakhomo kufika pa msewu wa tala, ili m'manja mwanu. Pa msonkhano wa kalabu wa mwezi uno, werengani pamodzi mabelo ndi matumba amene mukuyembekeza, pezani lole yokwanira chiwerengero chimenecho, ndipo sankhani munthu wosunga buku. Pamene simunamvetse, funsani mlangizi wanu.